Kaitaneni Joice

"Kaitaneni Joice adzandipempherere," anatero Jailos, mawu akutuluka modukaduka chifukwa cha chibayo.

Zaka khumi ndi ziwiri mkazi wake, Estele, ndiye ankatseka Mvano ndi pemphero kutchalitchi cha ku Chonde. Anaphunzira kumishoni, ndipo akayamba za Yehova wa makamu ngakhale abusa ankagwedezera mutu. Koma chaka chomwe linayamba boma la chitaganya kunabwera kamayi aka, Joice, kuchokera kwa Apwitikizi, kothyola tiyi m'gulu limene Jailos anali kapitawo wake, kosadziwa n'kulemba dzina komwe. Kakagwada kankangocheza ndi Mulungu ngati mbale wake, Chinyanja chosakaniza ndi Chilomwe: za mwana wotsegula m'mimba, za dengu losadzaza, za msana wowawa. Amayi a Mvano n'kumapukuta misozi. Tisabise, Estele nsanje inkamudya.

Anayankha kuti wopemphera m'nyumbamo alimo kale. Anagwada pamphasa n'kuyamba, mavesi akutsatana mwadongosolo, Danieli m'dzenje la mikango, Yona m'mimba mwa chinsomba. Atati ameni, anapeza mwamuna wake atatembenukira kukhoma.

"Mwapemphera bwino, amake Moffat," anatero Jailos, "koma mukulankhula ndi mpingo, pomwe mpingo muno mulibe. Ine ndili ndi mantha. Zimenezo mwamuuza Mulungu?"

"Paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa," anatero Estele. "Kathu kabuntha."

Sanapite kukamuitana. Tsiku linatha, lina linacha, Jailos phala akulikana. Anyamata a machila analonjeza kudzamunyamula madzulo kupita naye kuchipatala kuboma, ndipo aliyense ankadziwa kuti ena akapita motero sabwerako. Jailos sanapemphenso. Ankangoyang'ana kukhomo, ndipo kuyang'anako kunkamupweteka Estele kuposa mawu.

Masana Estele anapita kuseri kwa nkhokwe kukatapa chimanga, koma lichero linamugwa m'manja. Sanagwade n'komwe.

"Mulungu, bwanji mumamvera iye?" anatero. "Ndakutumikirani kuyambira ndili mtsikana, lero mwamuna wanga akufuna pakamwa pa wina. Ndili ndi nsanje, mukuiona nokha. Ndipo ndikuopa. Jailos akafa nditsala ndi ndani? Musanditengere, chonde."

Anaima pomwepo, misozi ili chuchuchu. Anachita manyazi poona kuti sanatchule vesi ndi limodzi lomwe. Kenako anazindikira chinthu china chowawa kwambiri: zaka zonsezi ankanena za Mulungu, koma kulankhula naye anali atayamba lero.

Nsanjeyo siinathe ayi, inali idakalipo ndithu. Komabe anamanga nsalu yake n'kulowera kumunda wa tiyi, dzuwa lili pamutu. Anamupeza Joice atawerama pamzere wake, dengu kumsana. Joice atamuona anawongoka mwamantha, poganiza kuti kwagwa maliro.

"Ali moyo," anatero Estele. "Akukufunani dzulo ndi lero, koma ine ndimakaniza chifukwa cha nsanje. Tiyeni, machila asanafike."

Joice anatula dengulo n'kumutsatira. Atafika kunyumba, Estele anamutsegulira chitseko, n'kugwada pambuyo pake, natseka pakamwa.