Tsiku limene Jailos anakana kusasula denga

Jailos anali kapitawo pa esiteti ina ya tiyi kumunsi kwa phiri la Mulanje. Ntchito yake sinali ya m'munda yokha. Ankayang'aniranso mabanja okhala pamalo a esitetiyo, amene ankagwira thangata kuti asachotsedwe. Wina akadula mtengo kapena kumanga nyumba osapempha, mzungu woyang'anira esiteti ankatuma Jailos.

M'chaka cha 1954, chiperoni chili mkati, mzunguyo anamuitanira pakhonde la ofesi. Anati kutsidya kwa mtsinje kwamangidwa nyumba yatsopano, ndipo iye sakufuna nyumba zina pamalo pake.

"Tenga anthu awiri ukasasule lero," anatero.

Nyumbayo inali ya Thomson wa ku Milanje, amene anali atangokwatira Esteri wa pa esiteti pomwepo ndi kumanga pafupi ndi apongozi ake monga amachitira mkamwini aliyense. Jailos atafika anapeza Thomson ali kuntchito. Esteri anali m'nyumba akuzira, dothi lili mpaka m'zigongono. Udzu wa padenga unali usanade n'komwe.

Mayi ake a Esteri, a Marjory, anatuluka m'munda wa nandolo nayang'ana zikwanje zimene amuna aja ananyamula.

"Mwatiyendera ndi zikwanje, a Jailos?"

"Ndatumidwa, mayi."

"Tikudziwa kuti mwatumidwa. Koma mwanayu anabadwira m'nyumba yanga iyo mukuionayo. Wakula, wakwatiwa. Ndiye azikagona mumtengo?"

Jailos anayang'ana denga latsopanolo. Anali atasasulapo nyumba zisanu, ndipo nthawi zonse ankadziuza kuti manja okha ndiwo ake, mawu ndi a mzungu. Koma tsiku limenelo anakumbukira bambo ake, amene anawoloka kuchokera kwa Apwitikizi ndi khasu limodzi, nauzidwa kuti amange pompano. Palibe anawauza kuti chilolezocho chidzathera pa iwo okha, ana awo osawerengedwa.

Sabata ya m'mbuyo mwake mesenjala wina wa ku boma anamuuza pa Chitakale kuti lamulo linasintha, munthu sachotsedwanso pa esiteti a DC asanamve nkhani yake. Jailos sankadziwa ngati lamulolo limafika mpaka kwa mkamwini. Komabe anauza amuna awiri aja kuti abwerere.

"Mawa mulawire ku boma," anauza a Marjory. "Mutenge Esteri ndi mwamuna wake. Mukanene chaka chimene munafika pano ndi ana amene munaberekera pano."

"Nanga akatifunsa kuti watiuza ndani?"

"Mukatchule ine. Adziwabe."

Kwa mzungu ananena mwachidule kuti sanasasule, nkhani ikupita ku boma. Mzunguyo sanakalipe. Anangomuuza kuti avule jekete la ukapitawo alisiye patebulo. Lolemba lotsatira Jailos anali ndi dengu kumsana, akuthyola tiyi pakati pa anthu amene kale ankawakalipira. Ena anamuseka pamaso. Mayi wina anangosendera n'kumupatsa mzere.

Nkhani inatenga masabata atatu. A DC anagamula kuti Esteri sangachotsedwe chifukwa ndi mbadwa ya pamalopo, koma Thomson sangakhazikike popanda chilolezo cha esiteti. Nyumba inaloledwa kuima mpaka adzakolole, ndipo banjalo linalembedwa kuti lidzapatsidwe malo amene boma linagula cha ku Phalombe. Esteri analira ulendo wonse wobwerera. A Marjory anakanitsitsa kusamuka, anati manda a amuna awo sangawasiyire tiyi.

Chaka chotsatira Thomson ndi Esteri anasasula okha nyumba yawo, nasenza chitseko ndi mapaso ulendo wa kumalo atsopano.

Patapita miyezi, Jailos anabwereka njinga kukawaona. Malowo anali a dothi lakuda lomata, mphepo inali yambiri, ndipo madzi ankatunga kutali. Esteri anali atawonda. Koma kuseri kwa kanyumba kawo Thomson anali akuumba njerwa, mizeremizere padzuwa.

"Mwapempha kwa yani?" anafunsa Jailos, pakamwa patazolowera.

Thomson anaseka napukuta manja pa kabudula. "Kwa Esteri basi, achimwene."

Pobwerera Jailos sanalunjike kunyumba. Anakhotera ku boma, nakhala pabenchi mpaka kalaliki anamuitana. Anapempha kuti nayenso alembedwe. Kalalikiyo anamuuza kuti ofuna malo ndi ambiri, adikire. Jailos anathyolabe tiyi zaka zina ziwiri dzina lake lisanatuluke.