Chisoti Chokuliramo

Telala anali ndi nthenda imodzi imene aliyense wosoketsa kwa iye ankaidziwa: sankadula nsalu pamzere. Akalemba ndi choko, sizasi yake inkadutsa kunja, kusiya danga la chala chimodzi, mwinanso ziwiri ngati chovalacho ndi cha mwana. "Akuliremo," ankatero, ndipo makolo ankamukonda chifukwa cha mawu amenewa. Ana eni ake ovala palibe ankawafunsa.

M'nyumba mwake munali mwana mmodzi, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, amene anam'peza pokwatira mayi ake. Mtsikanayo analibe mwano. Moni ankapereka, tiyi ankam'bweretsera kushopu, chipinda chakutsogolo kwa nyumba yomweyo, koma ankamuitana monga ankamuitanira anthu a mumsewu: "Atelala." Mwamunayo ankanamizira kuti alibe nazo ntchito, chonsecho zinkamupweteka tsiku ndi tsiku ngati nsapato yothina. Chikondi chake ankachionetsa ndi makina osokera. Yunifolomu, madiresi, jekete ya nthawi yozizira, zonse anam'sokera yekha, ndipo zonse zinali zazikulu. Tepi sanamuyezepo nayo, poopa kuti mwana wa eni angaone ngati akumuzolowera msanga. Ankangoyeza ndi maso n'kuwonjezerapo.

Tsiku lina masana mtsikanayo analowa m'shopu atakumbatira mulu wa mapepala osindikiza. Anaima pafupi ndi tebulo lodulirapo, osayala mapepalawo, osabwereranso.

"Atelala, mumatha kudula pepala?"

"Munthu wodula silika alephere pepala? Tabweretsa tione."

Kusukulu kunali sewero, ndipo iye anam'patsa mbali ya munthu wopita ku mwezi. Chisoti cha munthuyo aliyense akaone yekha kwawo. Aphunzitsi anangopereka mapepala. Pa pepala lililonse panali tizidutswa ta maonekedwe osiyanasiyana, tina ngati masamba, tina ngati mano a sowo, chilichonse ndi nambala m'mphepete. Mayi ake, namwino wa mashifiti, anali atanena kale kuti iwo ndi guluu sagwirizana.

"Mzere wakudawu mudule," anatero mtsikanayo akuloza ndi chala. "Wa timadonthowu mupinde. Timakututi ndi topaka guluu, nambala ikumane ndi nambala inzake. Koma mudule pamzere penipeni. Aphunzitsi anatiyeza mitu ndi ulusi, ndi saizi yanga kale."

"Patani ndi patani, mwana iwe. Pita ukasewere."

Aka kanali koyamba kuti mwanayu amupemphe kanthu ndi pakamwa pake, ndipo telala anasangalala kwambiri. Buluku la munthu limene linali pamakina analikankhira pambali, mwini wake atabwera anamuuza kuti ulusi wa mtundu umenewo wasowa m'tauni monse.

Pepala linali lofewa, choncho anatola makatoni opyapyala a mabokosi a malaya kuti akoperepo tizidutswato. Atayang'anitsitsa pataniyo anapukusa mutu. Amene anajambula chinthu ichi, anaganiza motero, sanalerepo mwana. Danga la msoko panalibe, lokuliramo panalibe, ngati kuti mutu wa mwana ndi mwala. Anadula mapepalawo motalikira mzere, nawayala pa katoni, ndipo pensulo yake inazungulira chidutswa chilichonse kunja, chala chimodzi mbali zonse. Timakutu tija anajambulanso take, tikulutikulu, toti guluu agwire bwino.

Ntchito inavuta pomata. Nsalu imamva: ukaikoka imabwera, ukaisita imagona. Katoni alibe ulemu umenewo. Nambala sizinkakumana, akagwirizanitsa kuno, uko kwatseguka pakamwa. Telala anapana ndi mapegi oyanikira zovala, anabaya ndi mapini, m'mipata anamatamo zigamba. Zala zake zinauma ndi guluu mpaka kulephera kutunga singano. Wometa wa shopu yoyandikana, munthu wosasowa chonena, ankasuzumira pakhomo kawirikawiri.

"Achimwene, mwasiya zosoka mwayamba kuumba miphika?"

"Dikirani muone. Ichi n'chopita nacho ku mwezi."

Pomaliza chinthucho chinaima chokha pa tebulo. Anachipaka penti yasiliva, kutsogolo anaika windo lodula ku botolo la pulasitiki, m'mphepete mwa khosi anakutira ndi kansalu kofewa kuti katoni asamukande mwana. Kunena zoona chinali chokongola. Mtsikanayo atabwera kuchokera kusukulu anachiona asanavule chikwama, ndipo nkhope yake inawala mwakuti telala anayang'ana kumbali.

Telala anachinyamula ndi manja awiri n'kumuveka. Chisoticho chinadutsa makutu, chinadutsa chibwano, n'kukakhala pamapewa. Windo linali pakhosi. Mtsikanayo atatembenuza mutu, chisoti chinangokhala chiyang'anire kutsogolo.

"Ameneyu akupita ku mwezi ndi banja lonse?" anafunsa wometa ali pakhomo, naseka mpaka kugwira chitseko.

"Tiikamo siponji," anatero telala mofulumira. "Ndiponso ukuliramo. Chaka chamawa, chaka chinacho, chidzakhala chikadali chako."

Mtsikanayo anachivula pang'onopang'ono, nachiika pa tebulo mosamala ngati mbale ya eni.

"Zikomo, Atelala. Ndikauza aphunzitsi mbaliyo apatse wina."

Analowa m'nyumba, osamenyetsa chitseko, ndipo tsiku limenelo tiyi sanabwere.

Mkazi wake atafika kuchokera kuntchito anapeza telala atakhala pampando wa makasitomala, chisoti chili pamiyendo. Anamva nkhani yonse akuvula nsapato zake zoyera za kuntchito, ndipo sanaseke.

"Mukudziwa dzina limene amamuitana kusukulu?" anafunsa. "Tenti. Chifukwa cha yunifolomu yanu ija."

"Bwanji osandiuza?"

"Anandiletsa. Akuti mungakhumudwe."

Mayiyo analowa kuchipinda cha mwana, yemwe anali atapita kukagula makandulo, n'kutuluka ndi bokosi lakale limene linkakhala pansi pa bedi. Munali nsapato zakuda za lamba, zakutha zidendene.

"Bambo ake anam'gulira izi tsiku limene ankachoka. Zinali zazikulu moti ankasambiramo. Anamuuza kuti zikadzamukwana iwo adzakhala atabwera. Ankaziyesa mlungu uliwonse. Zinadzamukwana, anazivala, zinayamba kumuthina, anazivalabe mpaka matuza." Anatseka bokosilo. "Inu mukamati akuliremo mumanena zabwino, ndikudziwa. Koma iyeyu akaona chinthu chachikulu amamva kuti munthu akutsanzika."

Telala anachita manyazi. Zovala zonse zija ankasoka poganiza kuti akumuuza mwanayo kuti ali naye mpaka kutsogolo. Anapita pa tebulo n'kuyamba kusonkhanitsa mapepala osindikiza aja. Onse analipo, ndipo mizere yakuda inali yathunthu, popeza sizasi yake sinaikhudze ndi pamodzi pomwe.

M'mawa mwake kunalibe sukulu. Mtsikanayo akudutsa pakhomo la shopu ndi tsache, telala anamuitana, nachotsa tepi imene inkakhala pakhosi pake.

"Bwera ndikuyeze."

"Aphunzitsi anayeza kale."

"Aphunzitsi ndi aphunzitsi. Ine sindinakuyezepo."

Mtsikanayo anatsamiritsa tsache kukhoma n'kuima chilili. Telala anazunguliza tepi pamphumi, pamwamba pa makutu, mpaka kunkhongo. Chala chake chinafuna kulowa pansi pa tepi monga mwa chizolowezi, koma anachibweza. Anayerekeza ndi lamba wozungulira mutu wa pa pataniyo, ndipo zinafanana ndendende.

Kudula pamzere kunam'tulutsa thukuta. Dzanja limene lazolowera njira yake kwa zaka zambiri silimva zonena. Sizasi inkathawira kunja, iye n'kuibweza, ikathawa, n'kuibwezanso. Mtsikanayo sanapite kukasewera. Anakhala pampando wa makasitomala, kenaka anasendera ku tebulo, kenaka anapezeka akupinda mizere ya timadontho ndi rula yake ya kusukulu.

"Pamenepo mwatuluka," ankatero.

"Ndaona."

"Simunaone. Ndakuuzani ndine."

Ulendo uno nambala zinakumana zokha. Telala ankapaka guluu pa timakutu, mtsikanayo ankapana ndi zala mpaka guluu agwire, popeza zala zake zinkalowa m'makona mosafika za munthu wamkulu. Panalibe chigamba ngakhale chimodzi. Windo ndi kansalu ka pakhosi anazichotsa ku chisoti chakale, chimene wometa anapempha kuti azitayiramo tsitsi.

Penti itauma, dzuwa litapendeka, mtsikanayo anavala yekha. Chisoti chinatsika mothina pang'ono pamakutu n'kukhazikika. Maso ake anaonekera pakati penipeni pa windo. Anatembenukira kumanzere, chinatembenuka naye. Anagwedeza mutu, sichinasunthe. Anaima nthawi yaitali pa galasi loyesera zovala.

"Chaka chamawa sichidzandikwana," anatero, mawu akumveka ngati ochokera m'ndowa.

"Ee, sichidzakukwana. Tidzapanga china."

"Nanga chaka chinacho?"

"Chinanso. Tepi ili pompano, ine ndili pompano."

Windo lija linachita nthunzi mkati. Mtsikanayo anatuluka osavula chisoti, ndipo telala anaganiza kuti wapita kukaonetsa anzake. Koma anabwerera atasenza yunifolomu, jekete ndi madiresi onse, nazikhuthula pa tebulo lodulirapo. Kenaka anaima pakati pa shopu n'kutambasula manja, kudikira tepi.

Telala anagwada, mapini ali kukamwa, nayamba kuyeza phewa mpaka pamkono. Nthawi yomweyo mwini buluku uja anatulukira pakhomo, nkhope ili gwa.

"Atelala! Ulusi uja sunapezekebe?"

Chisoti chasiliva chinatembenukira kukhomo.

"Mubwere mawa," anatero mawu a m'ndowa aja. "Adadi atanganidwa."

Telala sanadzutse mutu. Anayamika kuti kukamwa kunali mapini, chifukwa akanati alankhule mawu sakanatuluka. Anagwira tepi pamene panathera mkono wa mwanayo, nalemba ndi choko pomwepo penipeni.