Lipenga la Shoutian Kuseri kwa Sukulu

Chao Shoutian anavomera maliro a mkulu Pang atafunsa kaye njira. Anzake akaitanidwa kukaimba pamaliro amayamba kufunsa za mowa ndi fodya, koma iye anafunsa kuti bokosi lidzadzera kuti. Anamuuza kuti lidzadzera msewu wakumtsinje, kunja kwa tauni, mpaka kumanda a banjalo m'minda ya tirigu. Apo ndiye anavomera, chifukwa m'mawa womwewo mwana wake Ruolan ankalemba mayeso omvetsera Chingerezi, ndipo sanafune kuti lipenga lake limveke ngakhale kwa khoswe wa pasukulupo.

Lipenga la kwathu kuno, suona, silidziwa kunong'ona. Limalira munthu akamakwatira, limaliranso akamapita, ndipo la Shoutian linkadzutsa agalu a mudzi wachitatu. Ruolan ali wamng'ono, bambo akewo ankamutenga kumaliro kuti aziwombanitsa timbale tamkuwa pambali pawo, anthu n'kumayamikira kuti kamwanako kali ndi nyimbo m'magazi. Khutu lakumanzere la mwanayo ndi limene linkayang'anizana ndi kukamwa kwa lipenga. Pofika kusekondale khutulo linali litatsala dzina lokha, ndipo dokotala sanachite kuzungulira pouza Shoutian chimene chinaliwononga. Kuyambira tsiku limenelo nkhaniyo inamukhala Shoutian pamtima ndipo sinachokepo.

Chaka chatha Ruolan anaphonya yunivesite ndi pang'ono pokha, ndipo malikisi amene anamugwetsawo anatayikira pa kumvetsera komweku. Anabwereza kalasi. Akabwera kunyumba kumapeto kwa sabata ankatseka mawindo, kuika foni patebulo, kutembenuzira khutu lakumanja kufoniko, n'kumvetsera mwamuna ndi mkazi akulankhulana Chingerezi, iye akusankha mayankho. Mayi ake, a Guizhi, ankadula anyezi ngati akuba. Shoutian anasamutsira kuyeserera kwake m'kanyumba ka pampu kumunda, kumene chisanu chimaluma zala.

Chingerezi sankadziwa ngakhale liwu limodzi, koma khutu la woimba silisowa chogwira. Atamva mawu aja chaka chonse kudzera kukhoma, anawaloweza ngati nyimbo. Ankadziwa kuti mkazi amayamba yekha, kenako kabelu kamalira, kenako awiriwo amayankhana mwachidule. Ankadziwanso chimene Ruolan ankachiopa kwambiri, kuti mafunso oyambirirawo amanenedwa kamodzi kokha. Munthu akatsokomola pambali pako, funso lapita, ndipo madzi akatayika saoleka.

Dzulo la mayeso ana anapita kukaona zipinda zawo. Ruolan anabwera n'kunena kuti amuika pamwamba, kumbuyo kwenikweni, pawindo loyang'ana kanjira ka zinyalala kuseri kwa mpanda, ndipo khutu lake labwino ndi limene layang'ana kuwindoko. Ananena moseka, koma mayi ake anaona kuti buledi wake wophika panthunzi anangomunyenyanyenya m'mbale.

"Mawa mukalizire kutali, bambo," anatero.

"Ndikhala kumtsinje, mwanawe. Ngakhale utatchera makutu onse awiri sundimva."

Atatero anazindikira chimene wanena, ndipo anatuluka panja kukaona njinga imene inalibe vuto lililonse.

Kunacha kuli chipale chofewa ponseponse. Kunyumba ya maliro, mwana woyamba wa malemu, Pang Jinshan, anali atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndodo ya olira ili m'manja. Jinshan ndi uja wogula adyo m'boma lonse lino. Bambo ake akudwala ankawazonda pafoni, ndipo anthu otere ndi amene amafuna maliro aphokoso kuposa onse. Anauza Shoutian kuti lipenga lisapume kuchokera pakhomo mpaka kumanda, kuti mudzi wonse udziwe kuti mkulu Pang anasiya ana. Sizinali zachilendo. Aliyense kuno amadziwa kuti lipenga ndilo limatsogolera mzimu, ndipo likadukiza panjira, wakufayo amasokera.

Jinshan anaphwanya mbiya pakhomo monga mwa mwambo, amuna ananyamula bokosi pamapewa, amayi anayamba kulira, ndipo Shoutian anatsogola. Pambali pake panali Erkui wang'oma, amene aimba naye limodzi kuyambira ali anyamata. Anayenda bwinobwino mpaka pamlatho.

Pamlathopo lole ya kabichi inali itaterereka n'kugona chammbali, kutseka njira yonse. Kabichi anali mbwee mpaka mumtsinje, ndipo dalaivala anakhala pa tayala akusuta ngati zachitikira wina. Panalibe podutsa ngakhale mbuzi.

Maliro sabwerera m'mbuyo. Bokosi likanyamuka silikhudzanso pansi mpaka kumanda, ndipo katswiri wosankha masiku abwino anali atanena kuti malemu alowe m'nthaka dzuwa lisanafike pamutu. Akuluakulu ananong'onezana, onyamula aja mapewa akunjenjemera. Kenako mmodzi analoza kumanja, kuti pali kanjira kodula pakati pa tauni n'kukatulukira pamlatho wakale. Kutsogolo kwa sukulu apolisi atseka msewu chifukwa cha mayeso, koma kuseri kwa mpanda palibe amene amalonderako.

Shoutian anazindikira nthawi yomweyo kuti ndi kanjira ka zinyalala kaja. Lipenga likadali pakamwa, anapatsa Erkui chizindikiro kuti akweze ng'oma, iye n'kupita kwa Jinshan. Anamufotokozera mwaulemu kuti m'sukulumo muli ana akulemba mayeso omvetsera, ndipo wake ali momwemo, pawindo la kanjirako. Anapempha kuti podutsa pampandapo ayende mwakachetechete, akangopitirira adzaliza mpaka mitengo igwedezeke.

Jinshan anamuyang'ana ndi maso ofiira. Kunena zoona, munthuyo ankaliradi.

"AChao, mwana wanu akalephera adzalembanso. Bambo anga adzaikidwanso liti?"

Shoutian anaona kuti funsolo linali ndi mutu. Anabwerera kutsogolo, nabwezera lipenga pakamwa. Erkui anamunong'oneza kuti mwina mayeso sanayambe, mwina ayamba kalekale ndipo atha, mwinanso mawindo a masiku ano salowa phokoso. Erkui ndi munthu wa mwina. Shoutian anangoliza nyimbo imene wailiza moyo wake wonse.

Analowa m'tauni. Ogulitsa m'mbali mwa msewu anavula zipewa, ena anatseka zitseko. Mayi wina wovala chikhoti chofiira, mwa aja amadikirira ana awo pa mayeso, anawathamangira akukupiza manja, koma ataona zoyera ndi bokosi anaima, dzanja lili pakamwa. Ndani angaimitse maliro? Anakhota pakona, ndipo mpanda wa njerwa wa sukulu unayamba kumanzere kwawo, wautali ngati sudzatha. Pamwamba pake panali mawindo otsekedwa, ochita nkhungu ndi mpweya wa ana.

Woliza lipenga amadziwa kupumira m'mphuno nyimbo osaduka, koma pali malo amodzi pamene nyimboyo imatsika yokha. Pamalo amenewo Shoutian anamva. Anali mawu a mkazi uja, ochokera m'zokuzira mawu za m'zipinda zonse nthawi imodzi, ofooka chifukwa cha magalasi. Anali yekha, ndiye kuti anali poyambirira penipeni. Kenako kabelu kanalira.

Shoutian anasiya kuuzira.

Lipenga sanalichotse pakamwa. Masaya anakhalabe otupa, zala zikuyendabe pamabowo, nyimbo ya mkulu Pang ikupitirira pamalo pake popanda liwu. Ngati mizimu imamvadi, anaganiza choncho, imve zala. Erkui anaombanso kamodzi, kenako anaona nkhope ya mnzakeyo, nagwira chikopa cha ng'oma ndi chikhatho. Oimba ena anatsatira. Amayi olira kumbuyo anadzidzimuka ndi bata limenelo mwakuti nawonso anameza kulira kwawo. M'kanjira monse munangotsala mapazi pa chipale ndi kulira kwa zingwe za bokosi.

Chimene Shoutian ankaopa tsopano chinali pakamwa pa Jinshan. Munthuyo akakuwa, phokoso lake likhala pansi pa windo lenilenilo. Anamumva akubwera kumbuyo kwake, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo.

"Liza," anatero Jinshan, mano ali olumana. "Iwe Chao, ndati liza. Ukuwasiya bambo anga pa zinyalala?"

Shoutian anapukusa mutu pang'ono, maso ali kutsogolo, mapazi osaima. Pamwamba mwamuna ndi mkazi anayankhana, kabelu kanalira. Limenelo linali funso limodzi, ndipo Ruolan walimva.

Erkui anayesa kulowa pakati, akunong'ona kuti bwana aleze mtima, kwatsala pang'ono. Jinshan anamukankhira kukhoma. Anafunsanso, mawu akukwera, ngati Shoutian akudziwa kuti pambuyo pa lero palibe banja m'boma lino limene lidzamuitanenso, ngakhale pamaliro a galu. Shoutian ankadziwa. Woimba amene wasokeretsa mzimu dzina lake limafika kumidzi iye asanafike kunyumba. Anaika chala chimodzi pamlomo wa lipenga ngati akupempha, kenako anachibwezera pabowo pake.

Ndodo ya olira si yomenyera munthu. Ndi yoti mwana wosweka mtima atsamire. Jinshan anaikweza n'kumenya lipenga kutsogolo kwake, ndodoyo n'kuthyoka pakati. Chitsulo cha kukamwa chinalowa m'mlomo wa Shoutian mpaka m'nkhama. Ululu unamufika m'maso, ndipo kukuwa kunali kale pakhosi. Anakumeza pamodzi ndi magazi. Kabelu kanalira.

Jinshan anaima ndi chidutswa cha ndodo m'manja, akuyang'ana madontho ofiira pa chipale. Mwina anayembekezera kuti munthuyo amubwezera kapena amutukwana, kuti apeze pokuwira. Koma Shoutian anangokonza lipenga pamlomo wong'ambikawo n'kupitiriza kuyendetsa zala. Onyamula bokosi anafika pamsana pa Jinshan, ndipo poti maliro saima, nayenso anayenda. Sanalankhulenso.

Mpanda uja unali wautali kuposa msewu uliwonse umene Shoutian anayendapo. Anawerenga mabelu mumtima mpaka anamva kuti zokambirana zatalika, zija zimene amazibwereza kawiri. Ngakhale pamenepo sanalize. Anadikira mpanda uthe, adutse mosungira malasha, atsike kumlatho wakale kumene mphepo imakankhira mawu kuminda. Apo anakoka mpweya n'kuliza.

Amene analipo amati sanamvepo lipenga likulira chonchija, ndipo amayi amene anali atatopa kale analira mwatsopano. Magazi ankatsika m'kati mwa lipenga n'kumadontha kukamwa kwake. Malemu analowa m'nthaka dzuwa lisanafike pamutu. Kumandako palibe anapatsa Shoutian fodya, palibe anamuitanira ku chakudya, ndipo mkulu wina amene anali atamuuza kale za ukwati wa mdzukulu wake anayang'ana kumbali pomudutsa. Erkui anamuperekeza mpaka pamphambano, akunena kuti mwina anthu adzaiwala. Onse awiri ankadziwa kuti kuno anthu amaiwala ngongole koma saiwala maliro.

Shoutian anasamba kumaso ndi chipale, nabisa lipenga m'kanyumba ka pampu, n'kupita kunyumba. A Guizhi anaona mlomowo ali pakhomo, anatsegula pakamwa, koma iye anawapukusira mutu. Patebulo panali msuzi wa nkhosa wotentha, ndipo Ruolan anali atadya kale mbale imodzi, chinthu chimene sanachite kwa miyezi.

"Bambo, ndamva zonse," anatero mwanayo bambo ake asanakhale n'komwe. "Kuyambira loyamba mpaka lomaliza. Sindikuti ndakhoza zonse, koma ndamva."

Anafotokoza mothamanga kuti mnyamata wa kutsogolo kwake ankagwedeza mwendo, kuti funso lina linali la sitima yochedwa. Anati kunja kunali zii, ngati tauni yonse yagwira mpweya. Shoutian anakhala pansi, akugwedeza mutu, mlomo ataubisa kuseri kwa mbale.

"Chinthu chimodzi chokha ndi chimene ndinamva pawindo," anapitiriza Ruolan. "Pa funso lachiwiri. Ngati nthambi yathyoka."

"Ndi chipale," anatero Shoutian. "Chimalemera pamitengo."

"Kukanjira kuja kulibe mitengo, bambo."

Ananena akuseka, koma kenako anaona mbale imene bambo ake anaigwira osamwa, naona mlomo, naonanso kuti pamsomali wa kukhomo, pamene lipenga limapachikidwa, palibe kanthu. Kuseka kunatha. A Guizhi anatembenukira kumoto.

Ruolan anatenga mbale ija m'manja mwa bambo ake, anaiika patsogolo pake, n'kuyamba kuuzira msuziwo pang'onopang'ono kuti uzizire. Kenako anasuntha mpando wake, nazungulira tebulo, n'kukakhala mbali inayo, kuti khutu lake labwino liyang'ane kwa bambo akewo.