Mwala wa Pafupi ndi Chulu

Khasu loyamba linamveka a Rozaria akumanga mpango kumutu kwawo kometedwa. Anaima manja ali m'mwamba n'kutchera khutu. Linamvekanso, kuchokera kumunda wa kuseri kwa nyumba, ndipo anadziwa kuti achimwene awo a Jonasi sankanena zocheza.

Nkhaniyo inayamba dzulo lake pometa maliro, patatha masiku atatu chiikire m'manda a Goodman, amuna awo. Abale atamaliza kugawana malaya ndi njinga ya malemu, a Jonasi, omwe ndiwo mwini mbumba, anakhosomola n'kunena kuti kwatsala za munda. Malemu anali mkamwini, anatero, ndipo dothi lomwe ankaseweretsa ndi la mbumba ino. Mvula yayandikira. Fyness, mwana wa a Rozaria, wabwerako ku banja ndi ana atatu, pomwe chigawo chakumunsi chinakwiririka ndi mchenga chaka cha madzi osefukira chija. Kanjira konse komwe malemu anasiya osalima kayenera kugalauzidwa. Anamaliza ndi mawu oti akale anati mkamwini asamakule mwendo, ndipo panalibe anatsutsa.

Kanjira kameneka anthu a ku Jenala ankakatcha msewu wa nkhalamba. Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, a Goodman atapuma ntchito yaulonda, anatenga chingwe cha khonje n'kuyeza mamita mazana anayi kuzungulira munda wa nandolo. Anasalaza, n'kuyamba kuthamangamo m'mawa uliwonse, imvi zili mbuu. Anthu ankati ukalamba wawalowa m'mutu. Koma oseka omwewo anayamba kubwera mmodzimmodzi, wina akuti adokotala amuuza aziyenda, wina akuti wangodutsa, mpaka anakwana khumi ndi anayi. A Rozaria nawo analowamo mwamanyazi, atamanga chitenje pamwamba pa thalauza la amuna awo. Chaka chilichonse ankapikisana Loweruka lomaliza la Okutobala. Chaka chino, a Goodman atalemba makalata kwa zaka zitatu, gulu lina la othamanga la ku Blantyre linavomera kudzaonerera ndi kusankha okapikisana ndi nkhalamba zinzawo kutauni. Loweruka lake linali mkuja.

Kutauniko, akuti, okalamba amathamanga m'magulu potengera zaka. Kuno anthu anali ochepa, choncho a Goodman anapeza nzeru yawo ya miyala. Aliyense anali ndi mwala wake woyambira, ndipo wofooka kwambiri ndiye ankayambira kutsogolo. Dzina ankalilemba ndi penti kunsi kwa mwalawo kuti dzuwa lisafufute. Mpikisano ukayandikira ankasuntha mwala uliwonse phazi limodzi, amvekere chaka chakudyerani phazi, ine ndikukubwezerani. Wawo wokha sunkasuntha. Unali kumbuyo kwa onse, kuti wina akagwa amuone.

Panalinso mwala umodzi patali, pafupi ndi chulu, umene munthu sanaimepo. A Alesi ogulitsa zitumbuwa, omwe sasunga funso m'mimba, ankafunsa chaka ndi chaka kuti ndi wa yani. A Goodman ankangoti uli ndi mwini wake, akubwera.

A Rozaria anatuluka. Fyness anawagwira mkono pakhomo n'kuwakumbutsa kuti namfedwa sayenda kumunda tsitsi lisanamere n'komwe, anthu adzanena. Iwo anachotsa dzanja lakelo mofatsa n'kupitirira.

Anapeza a Jonasi atadula kale mizere isanu ndi umodzi pamalo oyambira. Ankalima monga ankayendera, motsimphina, thupi lonse likugwera kumanzere. Miyala yomwe anali atazula anaiunjika pansi pa mtengo wa mango.

"Achimwene, mukanadikira Loweruka lidutse."

"Mvula imadziwa Loweruka?" anayankha a Jonasi osadzutsa mutu. "Liwiro lomweli ndi lomwe latenga alamu. Mukufuna tikumbenso manda ena, achemwali?"

A Goodman anagwera kubafa, osati panjirapo, ndipo kuchipatala anati unali mtima. A Rozaria ananena zimenezi, koma mawu awo anatuluka opanda mphamvu, poti iwonso funso lomwelo linkawadya chichitikire malirowo. Chinawapweteka kwambiri n'choti achimwene awo sankanama. Adzukulu atatu aja ankafunadi chimanga, ndipo kanjirako kakanatulutsa matumba awiri.

Komatu a Rozaria ankadziwanso kuti si chimanga chokha chomwe chinadzutsa a Jonasi m'mamawa. Pa unyamata wawo panalibe wowapeza pa liwiro m'sukulu zonse za kuno. Ankathamanga osavala nsapato, ndipo wachiwiri wawo nthawi zonse anali Goodman, mnyamata woonda yemwe pambuyo pake anadzakwatira mlongo wawo. Kenako tsiku lina, akuchokera kunyanja ya Chilwa ndi dengu la matemba panjinga, a Jonasi anawombedwa ndi lole, mwendo n'kupola mokhota. Msewu wa nkhalamba utayamba, a Goodman anawaitana pamsika anthu akumva. A Jonasi anayankha kuti ngati alamu akufuna choseketsa anthu akagule nyani, asagwiritse ntchito mwendo wa munthu. Kuyambira pamenepo awiriwo ankangopatsana moni basi.

A Rozaria anagwada pa mulu wa miyala ija n'kuyamba kuitembenuza. Alesi. Yunusu. Rozaria, wolembedwa mosamala kuposa inayo. Wa amuna awo anaupeza pansi penipeni, khasu litaubenthula m'mbali. Anaufukata pamiyendo. Pamaliro analira monga mwambo umafunira, amayi anzawo atawagwira uku ndi uku, koma kulira kwenikweni kunabwera pamenepa, kopanda mawu, misozi ikugwera pa penti.

A Jonasi anaona, ndipo poti sankadziwa chochita ndi mlongo wolira, anasiya mzere uli pakati n'kupita kukazula miyala yotsala kutali ndi iye. Anazula iwiri n'kuiponya kumbali. Atafika pachulu anakola womaliza uja ndi khasu, mwalawo n'kugudubuka, kunsi kwake kuli m'mwamba.

Khasu silinamvekenso. A Rozaria atadzutsa mutu anaona achimwene awo ataima chilili, akuyang'ana pansi. Anadzuka n'kupita, mwala wa amuna awo uli m'manja.

Pamwala wa pachulu uja panalembedwa kuti Jonasi. Pentiyo inali yatsopano, yopakidwa pamwamba pa ina yakale yosuwa. Kumbuyo kwa pomwe mwalawo unali kunali timaenje tosazama totsatizana, kalikonse phazi limodzi kuchokera pa kanzake, tina titamera kale udzu. A Jonasi anatiwerenga ndi mpini wa khasu n'kupeza tisanu ndi kamodzi. Dzenje lachisanu ndi chiwiri, lomwe anali atangovundukula, dothi lake linali lisanagwirane. A Goodman anali atasuntha mwalawo sabata yomwe anamwalira.

"Inu mumadziwa?" anafunsa a Jonasi.

"Ayi. Amangoti mwini wake akubwera."

A Jonasi anayang'ana kuchokera pachulupo kukafika pa mtengo wa mango, pomwe mpikisano umathera. Monga munthu amene anathamangapo, anayeza mtundawo ndi maso. Sunali waufupi woti anthu anene kuti amumvera chisoni, komanso sunali wautali woti munthu wotsimphina afike anzake atakhala kale pansi.

"Anayeza bwino," anatero. "Munthu uyu ndinamutukwana pamsika."

Panalibe mawu oti n'kufika nawo kumanda, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo.

Dzuwa linali likukwera pamwamba pa phiri la Michesi. Kenako a Jonasi anati mizere isanu ndi umodzi ija aisalaza okha lisanafike Loweruka, ndipo za chimanga cha Fyness akambirana Lolemba, mwina kumunda kwawo kwa kudambo kungapezeke malo. Sanalonjeze zoposa pamenepo.

Anawerama movutikira, natola mwala uja, naupukuta dothi ndi malaya awo. Anaubwezera m'dzenje lake dzina lili pansi, monga ankachitira mwini ntchitoyo, n'kuupondereza ndi phazi la mwendo wokhota uja. Phazilo sanalichotsepo msanga.

A Rozaria anawasiya ali chomwecho. Anabwerera poyambira, nadutsa malo a anthu onse khumi ndi anayi, n'kukaika mwala wa amuna awo kumbuyo kwenikweni, pomwe munthu amaona aliyense.