Tiyi wa a Wen ndi Usipa wa Mlamu

A Chancellor anali dalaivala wa bungwe lina lokumba mijigo ku Nairobi, ndipo madalaivala a mabungwe ndi anthu osungitsidwa zinthu. Bwana wina akamapita kutchuthi amawasiyira makiyi, wina galu, wina nambala ya foni yoti akazi ake asaione. Koma a Wen, injiniya wa ku China amene ankayenda nawo m'matchire, atatumizidwa kukakhala ku Lodwar, anawasungitsa katoni ya tiyi.

"Kumeneko kukutentha kwambiri, angafe," anatero a Wen.

"Tiyi amafa?"

"Uyu amafa."

Anatsegula katoniyo. Munali zimbale zozungulira, zolimba, chilichonse chokulungidwa m'pepala lake. A Wen anati dzina lake ndi pu-erh, wa mtundu wauwisi: masamba amangowaumitsa, n'kuwapanikiza, n'kuwasiya akalambe okha zaka ndi zaka. Akadali wamng'ono amawawa ndi kuuma pakamwa. Akamakula amafatsa.

"Ngati ineyo," anatero a Chancellor.

"Ayi. Inu mukadali wowawa."

Anaseka, koma kenako a Wen anatsitsa mawu. Tiyiyo anamugula chaka chimene mwana wawo wamkazi anabadwa, kuti adzamwedwe tsiku la ukwati wake. Theka anasiya kwa achimwene awo ku Guangzhou, theka linalo ankayenda nalo dziko ndi dziko. Lamulo linali limodzi basi: tiyi ameneyu amapuma, ndipo amakoka fungo la chilichonse chimene wayandikana nacho. Sopo ayi, anyezi ayi, parafini ayi.

A Chancellor anafika nayo katoni ija kwawo ku Roysambu, n'kuiika m'kabati ya pakhonde la m'kati. Kwa akazi awo a Pauline, mayi a Ndaona, anangoti, "Musakhudze." Chifukwa chake sananene. Amuna ena amaona ngati kufotokoza kumachepetsa ndevu.

Miyezi inapita. Mlamu wawo Titus anabwera pa basi kuchokera kumudzi ku Malawi kudzera ku Dar es Salaam, atanyamula chithumba cha usipa wouma. Nthawi imeneyo a Chancellor anali pa ulendo ku Garissa. Pobwerako anapeza ndiwo zakwathu patebulo, anadya mpaka kumasula lamba, ndipo sanafunse kuti chithumbacho chikugona kuti.

Lachisanu lina masana foni inalira. Anali a Wen, mawu ali pamwamba. Mwana uja wapeza mwamuna. Iwo anali atapita kwawo kukaona mkamwini, ndipo abwerako ndi chidutswa cha tiyi wa kwa achimwene.

"Mawa ndibwera kwanu. Tilawa onse awiri, tione wokoma kuti akapite ku ukwati."

A Chancellor atafika kunyumba anathamangira kabati ija. Kungoitsegula, fungo linawamenya mbama. Chithumba cha usipa chinali chitakhala tambalale pamalo penipeni pa katoni. Katoniyo kunalibe.

Pabalaza panali amayi atatu a kwaya akuyeserera nyimbo ya Lamulungu. A Chancellor sanawaone n'komwe.

"Mayi a Ndaona! Tiyi wa eni ake mwamuika pamodzi ndi nsomba? Kodi nzeru zanu zinatsala pa boda?"

Nyimbo inaduka. Amayi a kwaya anakumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya zovala panja. A Pauline analowa kuchipinda, natuluka ndi katoni, n'kuiika pamapazi pa amuna awo.

"Zakhalira limodzi nthawi yaitali bwanji?" anafunsa a Chancellor, mawu atayamba kuchepa.

"Poti nzeru zanga zinatsala pa boda, masiku ndingawerenge bwanji?"

Basi, pakamwa anatseka. A Chancellor ananyengerera, anatchula tsiku la ukwati wawo, analonjeza chitenje. Olo. Ndiye ananunkhiza katoni: usipa. Ananunkhiza pepala lokulungira: usipa. Pofuna kuyesa mphuno ananunkhiza pilo, kenako Baibulo. Zonse usipa. Mphuno inali italowa chipani cha mantha.

Loweruka a Wen anafika ndi kachikwama. Anatulutsamo timbale tiwiri tokhala ndi zivundikiro, ndi timakapu tating'ono toti mbuzi singazindikire kuti yamwa. A Pauline, mwaulemu wakwathu, anabweretsa shuga ndi mkaka. A Wen anaziyang'ana ngati aona munthu akulowa m'tchalitchi ndi njinga yamoto.

"Mama, chonde, madzi otentha okha."

Anamasula chimbale chimodzi cha m'katoni, natemapo kachidutswa ndi kampeni. A Chancellor anali kuyang'ana mphuno ya mlendo. Sinagwedezeke, koma mphuno ya injiniya ndani angaikhulupirire?

"Ndikadziwa mwini wake, lilime langa likondera," anatero a Wen. "Mama, tengani zidutswa ziwirizi mupite nazo kukhitchini. Chimodzi muike m'kambale aka, china umu. Inu nokha mudziwe."

A Pauline anatenga, n'kuwaponyera amuna awo diso lija loti lero muona. Pobwera anaika kambale kena kumanja, kena kumanzere, iwo n'kukhala pampando manja atapinda.

A Wen anathira madzi owira m'kambale ka kumanja, anavundikira, ndipo nthawi yomweyo anakhuthula madziwo m'beseni.

"Mwataya!" anakuwa a Chancellor, atadzuka theka. "Mwamva chiyani?"

"Ndikumusambitsa. Wagona zaka zambiri, adzuke kaye. Khalani pansi."

Anathiranso, anadikira pang'ono, n'kugawa m'timakapu. Madziwo anali ofiirira mowala, ngati uchi wa m'botolo ukauika padzuwa. A Wen ananunkhiza chivundikiro, anapsontha, anatseka maso. A Chancellor nawo anapsontha. Anamva kuwawa, anamva utsi pang'ono, ndipo kumbuyo kwake, mwa chikhulupiriro chawo chonse, anamva usipa.

Kenako wa kumanzere. Uyu anatuluka wakuda, wolemera. A Wen atanunkhiza chivundikiro, nsidze zinakumana. Anapsontha, anayendetsa m'kamwa, anameza mochedwa.

"Mwamva bwanji, a Chancellor?"

"Ine? Ndamva... tiyi."

"Nenani zoona."

"Akununkha ngati bulangete lonyowa loiwalika m'buti ya galimoto."

"Eya." A Wen anagwedeza mutu mwachisoni. "Ameneyu wavulala. Wamwa chinachake chosayenera."

A Chancellor anayamba kuona zinthu m'maganizo. Anaona mtsikana wosamudziwa atavala zaukwati, alendo atanyamula timakapu, aliyense akufunafuna kumene kukuchokera fungo la pamsika wa nsomba. Anaona bambo ake a mtsikanayo, munthu amene anagawana naye botolo lomaliza la madzi galimoto itafa pa msewu wa ku Marsabit, akufotokozera abale kuti tiyi ndinasungitsa mnzanga wa ku Malawi.

Koma a Wen sanafulumire. Anati tiyi wokalamba saweruzidwa pa kapu yoyamba, monganso mkamwini. Anathira kachiwiri, kachitatu, kachinayi, uku ndi uku. Wa kumanja ankasintha nthawi iliyonse: kuwawa kunachepa, kunabwera kafungo ka mtengo wouma, kenako ka zipatso zoyanika. Wa kumanzere anangokhala yemweyo, chinyezi chokhachokha, n'kumakanda pakhosi. A Chancellor anamwa makapu onsewo ngati munthu womwa mankhwala a malungo. Thukuta linatsika mpaka m'sokosi.

Pomaliza a Wen anatulutsa masamba onyowa n'kuwayala pambale. A kumanja anatambasuka bwinobwino, ofewa, athunthu. A kumanzere anali akuda, onyenyeka.

"Wa ku ukwati ndi uyu," anatero akuloza kumanja. "Winayu sindingapatse ngakhale mdani. Mama, tiuzeni. Wovulalayu ndi wa ndani?"

A Pauline anakonza mpango wawo. Anachotsa kanyenyeswa patebulo. Anafunsa ngati alendo angafune madzi ena.

"Wa kumanzereyo," anatero potsiriza, "ndi amene mwabwera naye m'chikwama."

A Wen anamenya ntchafu. "Achimwene! Ndinawauza kuti asaike m'chipinda chapansi! Kwathu kuja mvula ikagwa makoma amachita kulira. Zaka zonsezi tiyi akumwa nkhungu!" Anatembenuka n'kugwira dzanja la a Chancellor ndi manja awiri. "Koma wanuyu! Mphepo yozizira ya Nairobi yamukonda. Mwamusunga ngati mwana wanu."

"Timayesetsa," anatero a Chancellor, ndi mawu a munthu amene wangotsika m'minibasi yopanda mabuleki. Anatembenukira kwa akazi awo m'Chichewa. "Ndiye sizinagonere limodzi?"

"Ngakhale ola limodzi. Tsiku lomwe Titus anafika, katoni yanuyo ndinaichotsa n'kuikweza pamwamba pa wadilopu."

"Munadziwa bwanji kuti tiyi amakoka fungo?"

"Ndani amadziwa? Ine ndinanunkhiza katoniyo, ndinamva ngati chisakasa chakale cha fodya. Ndinati zimenezi zisandiwonongere usipa wanga."

A Wen anayang'ana uku ndi uku. "Akuti chiyani mama?"

"Akuti tiyi wanu ndi wapamwamba kwambiri."

"Aa, amadziwa zinthu! Ndiye tamvani. Ku ukwati nditenga zimbale zochepa. Zotsalazo zikhale konkuno, tidikire mdzukulu." Ananyamula katoni ija, anadutsa manja otambasula a a Chancellor, n'kuipereka kwa a Pauline.

"Auzeni kuti ndavomera," anatero a Pauline. "Auzeninso kuti mawa pali munthu akukapepesa kwa amayi a kwaya, mmodzimmodzi, pakhomo la tchalitchi."

"Zimenezo sizimasulirika," anatero a Chancellor.

A Wen anathiranso madzi pa masamba a kumanja, akuti akadali ndi zonena. A Chancellor analandira kakapu kawo, anatsamira mpando, napsontha mosathamanga. Usipa munalibe. Munali kuwawa pang'ono kumene kunadutsa msanga, ndipo atameza, kutsekemera kwina kunakwera kokha kuchokera kukhosi, popanda shuga.

"Iii," anatero. "Kodi amakoma chonchi?"

"Wakhala akukoma chonchi kuyambira kapu yachitatu," anayankha a Wen. "Inu munali kuti?"