Foni ya Ababa Yatsegulidwa Lero

Nyuzipepala ina ya pa intaneti inali ndi lamulo louma gwa: mafoni atatu basi pa akaunti imodzi, wachinayi akagwere uko. Telala wathuyu, mayi wosoka madiresi aukwati m'kachipinda koyang'anana ndi siteji ya basi, anagawa malowo kalekale. Ena anali ake, ena a mlongo wake, otsalawo a bambo ake omubereka. Koma bambowo anali atatsikira kuli chete miyezi isanu ndi itatu yapitayo, ndipo mwamuna wa telalayo anali atayamba kulira m'khutu ngati udzudzu.

"Mayi a kunyumba, ine wamoyo ndizimvera nkhani m'basi, malo ali kwa malemu? Achotseni, aaa!"

Kunena zoona, sankalakwa munthuyo. Choncho masana ena, nsalu yoyera itamuunjikira pamiyendo, telala anatsegula mndandanda wa mafoniwo kuti afufute dzinalo. Chala chinaima m'malere. Pansi pa mawu akuti "Foni ya Ababa" panalembedwa kuti yatsegulidwa lero m'mawa.

Mayo ine! Makina osokera anangoti zii. Fumbi linkayandama pakuwala kwa pawindo, ndipo m'fumbimo anawaona bambo ake, ali khale penapake poyera mbee, magalasi ali pamphuno, akupukusa mutu kuti dziko silinasinthebe. Kodi kumeneko netiweki imafika? Anaseka yekha, kenako misozi inadontha pa diresi la eni ake. Anawasowa bambo ake koopsa.

M'mawa mwake analawirira kwa mayi ake. Chitseko chinali chotsegula. Anawapeza pabalaza, atakhala pambali pa mpando wa malemu, makapu a tiyi ali awiri patebulo. Foni ya malemuyo, yong'aluka galasi, anali ataitsamiritsa pabotolo la shuga, itayang'ana mpando wopanda munthuwo. Ankadikira kaye, kenako n'kukankha tsamba ndi chala pang'onopang'ono, n'kudikiranso.

"Amayi, inu simudziwa kuwerenga. Mukutani?"

"Khala pansi iwe, usawasokoneze," anatero mayiwo osacheuka. "Zaka zonsezi ankandiwerengera ndi iwo. Maso okha ndiwo anali awo, chala chinali changa, poti manja awo ankanjenjemera. Ndiye chala chileke ntchito chifukwa chiyani?"

Pa foniyo panatuluka chithunzi cha anyamata othamangitsa mpira. Mayiwo anapinda manja.

"Apa amachedwapo. Tiyi amachita kuzizira."

Telala anakhala pansi. Anadikira nawo mpaka nkhani za mpira zitatha, za nyengo zitatha, mpaka mayi ake atapukuta foniyo ndi mpango n'kuibweza m'thumba la jekete lopachikidwa kuseri kwa chitseko. Za kufufuta dzina sanazitchule n'komwe.

Ali m'basi pobwerera, anatsegulanso mndandanda uja. Mayina atatu, malo atatu. Anadina pa dzina lake lomwe, foni n'kumufunsa ngati watsimikiza. Anatsimikiza.

"Malo apezeka, lowani," anauza mwamuna wake atafika kunyumba.

"Ehee! Mwawachotsa akuluwo tsopano?"

"Ababa akuwerengabe," anatero telala, akukoka mpando kuti akhale pafupi naye. "Ndachokamo ndine. Inu muzindiwerengera mokweza, chala chikhala changa."