Chimanga cha Pathanthwe

Amene amati ana aang'ono ndi angelo sanaphunzitsepo Sitandade 1 pasukulu ya mishoni ya kwa Kanduku. A Enelesi anali nawo makumi asanu ndi atatu kudza anayi, ndipo 1978 chinali chaka chawo chachitatu akuphunzitsa opanda pepala la uphunzitsi. Kuti apite kukoleji pankafunika kalata ya woyendera sukulu. A hedi, a Timoti, anali atanena mosapsatira kuti kalatayo ikalephereka chaka chino, malowo apatsa wina.

Woyenderayo, a Stafford a ku Boma, ankadana ndi mphunzitsi wongolakatulitsa ana ngati achule a m'dambo. Ankafuna phunziro loti mwana aone ndi maso. Choncho a Enelesi anasankha fanizo la wofesa mbewu, poti kuseri kwa kalasi Mulungu anali ataikiratu zonse: kanjira ka kuchitsime, thanthwe, chitsamba cha minga, ndi dothi lakuda pamene kale panali khola la mbuzi. Mvula yoyamba itagwa anapita kumsika wa Thambani, naonetsa khadi la chipani polowera, nagula chimanga cha mbewu chodzaza kachitini.

Lolemba anafesa ana onse akuona.

"Izi zapanjira mbalame zidya. Izi zapathanthwe zimera n'kuuma. Izi minga izipanikiza. Izi zokha zapadothi labwino ndizo zikule. Mitima ya anthu ilinso chimodzimodzi ikamva mawu a Mulungu. Munthu asakhudzepo, mwamva?"

"Tamva, aphunzitsi!" anayankha ndi mawu aja amene ana amavomerera nawo chilichonse.

Mmodzi yekha sanayankhe. Anali Iness, wokhala kumbuyo kwenikweni, amene ankabwereza kalasiyo kachitatu. Zilembo zinkamulowa khutu ili n'kutulukira linali, ndipo a Enelesi anali atatopa naye kalekale. Mumtima ankamutcha thanthwe, ngakhale kuti sanatulutsepo mawuwo pakamwa. Mwanayo anangoima n'kumayang'ana mbewu zija ngati munthu woona mchere ukutayidwa mumtsinje.

Sabata isanathe kunabwera uthenga woti amayi a m'deralo apite ku Boma kukakonzekera magule a msonkhano wa chipani, ndipo masiku amenewo zoterezi munthu sankakana. A Enelesi anakhalako masabata awiri ndi theka, akuvina uku mtima uli kusukulu. Chinkawatonthoza n'chakuti munda wawo sunkafuna mlimi. Ntchito yake inali yongousiya basi. Nanga kusiya chinthu kungavutenso?

Anabwerera Lachitatu kutada, miyendo ili yotupa. Lachinayi m'mawa, asanamwe n'komwe madzi, njinga yamoto ya a Stafford inali italira kale pabwalo.

Phunziro linayamba bwino, tisaname. Ana anapemphera, anaimba, anamvetsera nkhani. Kenako a Enelesi anawandandalika pamzere, woyendera ndi a hedi ali pambuyo.

"Tiyeni tikaone zimene mbalame zachita panjira," anatero monyadira.

Atakhota pakona mutu unawaima. Panjira paja mbewu zinali zitakwiriridwa, pali timitengo tozungulira ndi sanza yoopsezera akhwangwala, chimanga chili biriwiri. Anthu opita kuchitsime anali atalambula kanjira kena. Minga ija inali itadulidwa yonse n'kusanduka mpanda. Pathanthwe ndiye panali zoopsa: miyala yotchingira m'mbali, dothi lounjika, manyowa a mbuzi pamwamba, ndipo chimanga chake chinali chonenepa kuposa china chilichonse.

Padothi labwino pokha ndi pamene panalibe amene anasamalapo, poti aphunzitsi anati pakula pokha. Mbuzi zinali zitakumbukira kwawo kwakale n'kudya zonse, kusiya zitsa.

A Timoti anatsokomola n'kuyang'ana kumwamba ngati akufuna mvula. A Enelesi anapsa mtima. Anali atakonzekera mwana wolira, wogona, ngakhale wodzikodzera, koma osati ana olima.

"Wachita zimenezi ndani?"

Ana onse anayang'ana zala zakumapazi. Kenako maso anayamba kutembenuka mmodzimmodzi, mpaka onse anathera pa Iness.

"Tachita tonse, aphunzitsi, koma ndinayambitsa ndine," anatero mwanayo. Aka kanali koyamba a Enelesi kumumva akulankhula mawu oposa awiri. "Amayi amati kutaya mbewu n'tchimo."

"Ine ndinati chiyani?"

"Munati ziuma."

"Ndiye?"

"Ndiye ziume ife tikuona?"

A Enelesi akanakhala okha akanathyola kamtengo pomwepo, koma mlendo anali atanjuta kale pafupi ndi thanthwe, akufinya dothi ndi zala.

"Dothi lonseli munatuta ndi chiyani, mwana iwe?" anafunsa a Stafford.

"Ndi mbale yakwathu, bambo. Maulendo makumi awiri ndi atatu. Poyamba tinathira khumi, koma mvula inakokolola, ndiye tinaika kaye miyala n'kuthiranso khumi ndi atatu."

Mwana amene m'kalasi sankadutsa pa zisanu! A Enelesi anamva manyazi ndi mkwiyo nthawi imodzi, osadziwa kuti akwiyire ndani. A Stafford anangolemba, nalemba, mpaka kutembenuza tsamba.

Muofesi ya a hedi, woyenderayo anatulutsa kalata ija m'chikwama n'kuiyala patebulo. Cholembera sanachitsekule.

"Phunziro lanu lafa, mayi. Pano palibenso mwana amene angakhulupirire kuti mbewu ya pathanthwe imauma."

"Bambo, ine ndinawauza. Ndinawauza bwinobwino kuti asakhudze! Ana a kuno ukati kumanja iwo amapita kumanzere. Ndikanatani ine ndili ku Boma?"

"Zimenezo ndamva. Koma tandiuzani, mwana uja amakhaliranji kumbuyo?"

A Enelesi anatsekula pakamwa kuti anene dzina lija ankamutcha mumtima. Koma atakumbukira chimanga chonenepa cha pathanthwe paja, anangogwetsa nkhope.

A Stafford anapinda kalatayo napatsa a Timoti. "Isungeni, ndipo malo awo asaperekedwe kwa wina. Ndidzabweranso nthawi ya chimanga chachiwisi. Iness akadzandilembera dzina lake pabolodi, ndidzasaina. Akadzalephera, musadzandifunsenso."

Njinga yamoto itazimiririka kutsetse, a Enelesi anapita okha kuseri kwa kalasi ndi mtima wofuna kuzula chilichonse. Anagwira phesi limodzi la pathanthwe, nalikoka pang'ono, koma mizu inali itagwira. Analisiya, napemphera pemphero lalifupi lopanda ulemu wokwanira: "Ambuye, mwa ana onsewa, mwandisankhira ameneyu?"

Kutacha anafika belu lisanalire. Anasesa pansi kutsogolo, pafupi ndi mapazi awo, naikapo sileti ndi choko.

"Iness, nyamuka. Kuyambira lero malo ako ndi ano."

Mwanayo anabwera akukoka miyendo, misozi ili lengelenge. "Ndalakwanso chiyani, aphunzitsi?"

"Khala pansi, gwira choko," anatero a Enelesi, akumugwira dzanja kuti alembe chilembo choyamba, chomwe chinatuluka chokhota ngati mpini wa khasu. Anapuma mozama n'kufufuta. "Tiyambirenso. Iwe unatuta maulendo makumi awiri ndi atatu. Ine kaya ndituta angati."